Kuthana ndi ululu pambuyo pa opaleshoni yosintha bondo: lipoti la mayi wa zaka 64

Wodwalayo

Mayi wa zaka 64, amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndipo amakhala ku Mulanje, anagonekedwa pa chipatala china mu mzinda wa Blantyre kuti achitidwe opaleshoni yosintha bondo la kumanja. Nyamakazi inali itawagwira mawondo onse awiri kwa zaka zoposa 6, koma la kumanja ndilo linali litatheratu. Pa X-ray chicherewecherewe cha mbali ya mkati chinali chitadyeka, mafupa akukhudzana, mwendo utayamba kukhota. Ankayenda ndi ndodo, ndipo usiku ululu unkawadzutsa. Bondolo linkapinda kufika madigiri 105, koma pakuwongoka linkapereweza madigiri 10.

Ankalemera makilogalamu 84. Anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi ndipo ankamwa enalapril 10 mg ndi hydrochlorothiazide 25 mg tsiku lililonse. Shuga analibe, HIV analibe. Hemoglobin, yosonyeza kuchuluka kwa magazi, inali 12.4 g/dl. Creatinine, zotsalira za m'magazi zimene impso zimasefa, inali 96 µmol/l, zomwe kwa mayi wa msinkhu umenewu zimapereka eGFR (mlingo wa kasefedwe ka impso) ya pafupifupi 57, kutanthauza kuti impso zinkagwira ntchito koma sizikanapirira chipsinjo chachikulu. Atafunsidwa mankhwala amene amamwa anatchula a BP awiri aja, Panado ndi diclofenac. Anauzidwa kuti asiye diclofenac kutatsala sabata imodzi, ndipo anasiyadi. Mndandandawo unali wosakwanira, koma izi zinadziwika opaleshoni itachitika kale.

Opaleshoni ya bondo imapweteka kwambiri kuposa ya m'chiuno, ndipo ululu wake uli ndi vuto lapadera: bondo losapindidwa m'masabata oyambirira limauma, chifukwa zipsera za mkati zimakhwima lili pamalo amodzi. N'chifukwa chake pano tinkayeza ululu kawiri nthawi zonse, wodwala atagona chete komanso akupinda bondo, pa mlingo wa 0 mpaka 10. Nambala yachiwiriyi ndi imene imatiuza ngati mafizo atheke tsikulo.

Ku fiyeta

Ndondomeko imene inatsatidwa ikufanana ndi malangizo a gulu la akatswiri la PROSPECT a mu 2022 okhudza opaleshoni imeneyi: kuphatikiza mankhwala angapo ogwira ntchito m'njira zosiyana, morphine n'kumusunga kuti azithandizira pamene enawo aperewera. Kutatsala ola limodzi anamwa paracetamol 1 g. Wogonetsa anabaya pamsana mankhwala a dzanzi, bupivacaine wolemera wa 0.5%, 2.6 ml, yemwe ndi 13 mg, n'kupereka dexamethasone 10 mg kudzera mu dilipi kuti achepetse kutupa, ululu ndi mseru. Dokotala wa mafupa anabaya bupivacaine wa 0.25%, 40 ml, wosakaniza ndi saline ndi adrenaline pang'ono, m'minofu yozungulira bondo, kuyambira kuseri kwake zitsulo zisanamatidwe ndi simenti, chifukwa zikamatidwa singano sifikanso bwino kumeneko. Pomaliza, wogonetsa akuyang'ana pa sikani anabaya 15 ml ya bupivacaine wa 0.25% chapakati pa ntchafu, mu adductor canal, momwe mumadutsa mtsempha wa saphenous, umene umanyamula uthenga wa ululu.

Kubaya mtsempha wa femoral pamphechepeche kumathetsa ululu bwino, koma kumafooketsa minofu ya kutsogolo kwa ntchafu, moti wodwala akaimirira bondo limagonja n'kugwa. Jakisoni wa mu adductor canal amasiya mphamvu yambiri ya minofuyo. Kuipa kwake n'kwakuti safika kuseri kwa bondo, choncho amayendera limodzi ndi zimene dokotala wa mafupa wabaya. Bupivacaine yense pamodzi anakwana pafupifupi 150 mg, pansi pa malire a 2 mg pa kilogalamu, omwe kwa mayiwa anali 168 mg. Masamu amenewa azichitika mokweza mawu, wogonetsa ndi dokotala wa mafupa akumvana, chifukwa aliyense amakonda kuwerenga gawo lake lokha.

Mu wodi analemberedwa paracetamol 1 g maola 6 aliwonse mosadikira ululu, morphine wakumwa 10 mg maola 4 aliwonse akafunika, bisacodyl 10 mg usiku kuti asadzimbidwe, ndi enoxaparin, woteteza magazi kuundana, 40 mg kamodzi pa tsiku kuyambira patatha maola 12 chibayireni pamsana. Enalapril ndi hydrochlorothiazide anaimitsidwa. Pa ibuprofen panali kukambirana. Mankhwala a gulu la NSAID, monga ibuprofen ndi diclofenac, amathandiza kwambiri pa ululu wa popinda bondo ndipo amachepetsa morphine wofunika, koma eGFR ya 57 si yowapatsira mwachisawawa. Tinagwirizana za 400 mg katatu pa tsiku kwa masiku 3 okha, kuyambira mawa lake, pamodzi ndi omeprazole 20 mg woteteza m'mimba, podalira kuti a BP aja aima ndipo mayiwo azimwa madzi okwanira. Anzathu ena sakanapereka n'komwe, ndipo maganizo awowo ndi omveka.

Usiku woyamba

Masana ndi madzulo onse ululu unali pa 2. Cha m'ma 10 koloko usiku namwino anawafunsa ngati akufuna morphine, iwo anakana poti sakumva kanthu. Itakwana 2 koloko anawapeza atagwira zitsulo za bedi ndi manja onse awiri, thukuta lili kamukamu, akuyasamula motsatizana, mamina akutuluka, mwendo wabwinowo ukungotakataka pansi pa bulangete. Ululu anati 9. BP inali 168/96, mtima ukugunda ka 112 pa mphindi.

Asanatenge jakisoni, dokotala amene anali pa ntchito anayamba waona mwendo. Bandeji sinali yothina, zala za kuphazi zinali zofunda ndipo zinkagwedezeka, mtsempha wa pamwamba pa phazi unkagunda, katumba kanali kofewa, ndipo kukoka zala za kuphazi sikunawonjezere ululu. Mkodzo unkatuluka bwino mu kathetala. Zimenezi zimatenga mphindi zosakwana 5, ndipo n'zimene zimasiyanitsa ululu wa dzanzi limene latha ndi wa minofu imene yapanikizika n'kusowa magazi, womwe morphine angaubise mpaka mwendo utawonongeka. Kenako morphine anaperekedwa mu mtsempha, 2 mg mphindi 5 zilizonse, namwino akuwerenga kapumidwe. Panafunika 14 mg kuti ululu utsike kufika pa 5, mlingo waukulu kwa mayi wa zaka 64 amene fayilo yake ikuti sanazolowere mankhwala oterewa.

Kuyasamula ndi mamina sizibwera chifukwa cha bala. Dokotalayo anafunsa kuti, "Amayi, kunyumba bondoli likavuta chonchi, mumamwa chiyani kuti mupeze tulo?" Mwana wawo wamkazi, amene anali gadiyani, anapisa m'chikwama n'kutulutsa mapaketi a tramadol wa 50 mg. Mayiwo anati, "Amenewo ndi makapisozi ongothandizira, adokotala. Ndimagula ndekha, si a kuchipatala ayi." Ankamwa awiri katatu pa tsiku, 300 mg, kwa miyezi pafupifupi 14. Omaliza anamwa m'mawa wa tsiku logonekedwa, maola oposa 40 m'mbuyomo.

Choncho usikuwo panakumana zinthu ziwiri. Dzanzi la mu adductor canal, lomwe kawirikawiri limatha pakati pa maola 12 ndi 18, linatha mwadzidzidzi m'thupi mulibe mankhwala amphamvu olilandira. Pa nthawi yomweyo thupi lozolowera tramadol linayamba kumufuna. Mlingo wa 300 mg pa tsiku umafanana ndi morphine wakumwa pafupifupi 30 mg pa kawerengedwe kofala, ndipo ena amawerengera kuposa apo. Munthu wotere amafuna morphine wochulukirapo kuti amve kusintha, ndipo nthawi zambiri amamva ululu msanga kuposa anzake. Komanso tramadol amagwira ntchito pawiri: monga morphine, ndiponso pa serotonin ndi noradrenaline, timadzi tonyamula uthenga mu ubongo, mofanana ndi mankhwala ena a matenda a nkhawa. Morphine amatseka mbali yoyambayo yokha, ndiye kusakhazikika, mantha ndi kusowa tulo zimapitirirabe.

Tinabwezeretsa tramadol 50 mg maola 6 aliwonse ngati maziko, morphine n'kukhalabe wothandizira. Sabata yoyamba ya opaleshoni si nthawi yosiyitsa munthu mankhwala amene wawazolowera. Panali ganizo lopereka pethidine, yemwe m'mawodi ambiri ndiye amakhala pafupi, koma linakanidwa: akasweka m'thupi amasiya norpethidine amene amaunjikana impso zikafooka n'kuyambitsa khunyu, ndipo kumuphatikiza ndi tramadol kumawonjezera ngozi imeneyo pamodzi ndi ya kuchuluka kwa serotonin. Diazepam ndi promethazine nawonso sanaperekedwe, chifukwa pamwamba pa morphine amafooketsa kapumidwe.

Funso lakuti "mumamwa mankhwala anji" anthu ambiri amalimva ngati likunena olembedwa m'buku la kuchipatala. Kofunika n'kutchula mayina limodzilimodzi, Panado, bufeni, Indocid, diclofenac, tramadol, a chimfine amene amakhala ndi paracetamol mkati, azitsamba, mowa, kenako n'kupempha kuona chikwama. Zikadziwika kutatsala masabata angapo, mlingo umatsitsidwa pang'onopang'ono opaleshoni isanafike. Wodwala azichenjezedwanso kudakali masana kuti dzanzi lidzatha usiku, ndipo mlingo wa 10 koloko uzilembedwa ngati wokhazikika, wosadalira kuti iye apemphe.

Tsiku lachiwiri

Tsiku loyamba linayenda bwino. Kathetala inachotsedwa, anaimirira ndi a mafizo, bondo linapinda madigiri 55, ululu popinda uli pa 6. Madzulo a tsiku lachiwiri mwana wawo anauza namwino mosangalala kuti amayi tsopano akugona bwino. Namwino sanasangalale nawo. Mayiwo ankadzuka akaitanidwa koma n'kugonanso chiganizo chisanathe, ankapuma ka 10 pa mphindi, okosijeni inali 91%, ndipo timadontho takuda ta m'maso tinali titachepa kwambiri. M'maola 12 anali atakodza pafupifupi 300 ml, pomwe kwa makilogalamu 84 timayembekezera osachepera 500 ml. Creatinine inali 148, potassium 5.1, hemoglobin 9.6, BP 102/60.

Kabati ya pambali pa bedi itatsegulidwa, zifukwa zinapezeka. Mlamu wawo amene anabwera kudzazonda tsiku loyamba anasiya Indocid wa 25 mg, ndipo mayiwo ankamwa awiri katatu pa tsiku pamwamba pa ibuprofen wa mu wodi, osadziwa kuti ndi a gulu limodzi. Mapiritsi awo a BP a kunyumba ankamwabe m'mawa uliwonse monga mwa chizolowezi cha zaka zambiri. Kuimitsa kuja kunalembedwa m'fayilo, koma m'chikwama mwawo munali ena. Madzi ankamwa pang'ono poopa ulendo wa kuchimbudzi. Impso zikalandira magazi ochepa zimadziteteza m'njira ziwiri, potsegula timitsempha tolowetsa magazi ndi pofinya totulutsa. NSAID amalepheretsa njira yoyamba, enalapril yachiwiri, ndipo hydrochlorothiazide amachotsa madzi otsalawo. Kukwera kwa creatinine kuchoka pa 96 kufika pa 148, kuposa kamodzi ndi theka, ndi gawo loyamba la kuvulala kwa impso pa mlingo wa padziko lonse wa KDIGO.

Tulo tija tinachokera pomwepo. M'maola 24 anali atamwa morphine 60 mg. Chiwindi chimasandutsa morphine kukhala morphine-6-glucuronide, yemwe ndi wamphamvu ndipo amatuluka kudzera mu impso. Impso zikabwerera m'mbuyo amaunjikana, moti mlingo umene dzulo unali woyenera lero umakhala wopyola. Chizindikiro choyamba chimakhala kusinza, kapumidwe kamatsika pambuyo pake, choncho wodwala amene wangokhala chete mwadzidzidzi azidzutsidwa n'kuyankhulitsidwa, kaya ndi usiku.

Morphine anaimitsidwa, tramadol anatsitsidwa kufika 50 mg maola 12 aliwonse. Anakhazikidwa tsonga, anapatsidwa okosijeni wa malita 2 pa mphindi ndi Ringer's lactate 500 ml, ndipo ankayezedwa theka la ola lililonse. Ibuprofen anafufutidwa, ndipo Indocid ndi a BP a kunyumba anatengedwa kukasungidwa kwa namwino, banja litafotokozeredwa popanda kulikalipira. Mlamu uja anachita zimene aliyense wokonda m'bale wake amachita. Naloxone, wothetsa mphamvu ya morphine, anakonzedwa, 0.4 mg wosungunulidwa kukwana 10 ml, kuti aperekedwe 1 ml mphindi 2 zilizonse ngati kapumidwe katsika pansi pa 8 kapena akapanda kudzuka. Sanaperekedwe. Kwa munthu wozolowera opioid (gulu la morphine ndi tramadol) amene wangochitidwa opaleshoni, botolo lonse la naloxone kamodzi limabweretsa ululu wosaneneka, kusanza ndi kukwera kwa BP, ndipo mphamvu yake imatha msanga kuposa ya morphine woundanayo. Enoxaparin anapitirira pa 40 mg chifukwa kasefedwe ka impso kanali pamwamba pa 30 ml pa mphindi, koma kankawerengedwanso tsiku lililonse.

Mmawa wa tsiku lachitatu anali atatsitsimuka, ndipo vuto linali latsopano: NSAID palibe, morphine wochepa, ululu popinda wafika pa 8, mafizo akukanika. Wogonetsa anabwerezanso jakisoni wa mu adductor canal, atadikira maola 12 chiperekereni enoxaparin. Chisankho chimenechi n'chimene chinapulumutsa sabatayo, chifukwa chinapereka tsiku lathunthu la mafizo popanda kulemetsa impso. Morphine anayambiranso pa 2.5 mpaka 5 mg, osaposa kamodzi m'maola 6, makamaka mphindi 30 mpaka 45 mafizo asanayambe. Anali wamadzi wa 1 mg pa ml. Pali wina wa 10 mg pa ml, choncho pa tchati pazilembedwa mamiligalamu ndi mamililita omwe. Ayezi wokulungidwa m'kansalu ankaikidwa mphindi 15 mpaka 20 maola 3 aliwonse masana. Creatinine inatsika kufika 121 pa tsiku lachinayi ndi 102 pa lachisanu ndi chimodzi.

Katumba, ndi kutuluka

Pa tsiku lachisanu anadandaula za ululu wina, wa m'katumba. Poyeza masentimita 10 pansi pa kafupa kotukuka ka pamsongolo, katumba ka kumanja kanaposa ka kumanzere ndi masentimita 3.5. Pafupifupi aliyense amene wasinthidwa bondo amatupa mwendo, ndipo D-dimer, mlingo woyezera kuundana kwa magazi, imakhala yokwera chifukwa cha opaleshoni yeniyeniyo, choncho ziwirizi sizikanayankha funso lakuti magazi aundana m'mitsempha kapena ayi. Sikani ya Doppler inaonetsa mitsempha yoyera. Choyambitsa chinali magazi a pabala amene anatsikira m'munsi, ndi kukhala pampando masana onse mwendo uli lende. Mankhwala sanawonjezedwe. Anauzidwa kugona chagada kangapo pa tsiku, mwendo wonse utakwezedwa, chotsamira chili pansi pa chidendene, ndi kumagwedeza phazi m'mwamba ndi pansi.

Anatuluka pa tsiku la 7 akuyenda ndi ndodo ziwiri, bondo likupinda madigiri 80, pakuwongoka likupereweza 5. Anapita ndi paracetamol, tramadol 50 mg katatu pa tsiku ndi kalata yomutsitsira kapisozi mmodzi sabata iliyonse, morphine wa masiku 5 womwera mafizo, bisacodyl, aspirin 75 mg woteteza magazi kuundana wofikitsa masiku 14 pamodzi ndi omeprazole, ndi amlodipine 5 mg m'malo mwa a BP akale aja mpaka impso zitakhazikika. M'buku la kuchipatala munalembedwa ndi zilembo zazikulu kuti asapatsidwe NSAID wakumwa aliyense.

Sabata yachitatu

Anabwerera pa tsiku la 20 atabwerera m'mbuyo. Bondo linkapinda madigiri 60 okha, pakuwongoka likupereweza 15, lotupa ndi lofunda. Analowa atakwinyira chitenje m'mwamba ndi dzanja limodzi kuti chisakhudze khungu la pambali pa chipsera. Atafika kunyumba, achibale amene anamva za tulo ta tsiku lachiwiri tija anawaopseza kuti mankhwalawo awapha kapena awapatsa chibaba, ndipo pa tsiku la 11 anasiya zonse kamodzi, kupatula Panado wa apo ndi apo. Mafizo anasiyanso. Usiku ankagona ataika pilo pansi pa bondo, poti ndi mmene ululu unkachepera. Pa chipatala chaching'ono cha kwawo anaona kufunda kwa bondo n'kufuna kuwapatsa maantibayotiki, koma mwana wawo anayamba waimba foni.

Foni imeneyo inathandiza. Bondo losinthidwa limakhala lofunda kwa miyezi, ndipo maantibayotiki operekedwa mongoganizira amabisa tizilombo, moti madzi a m'bondo akadzatengedwa palibe chimamera. Thupi linali pa 36.8, bala louma lopanda mafinya, CRP (mlingo wa kutupa woyezedwa m'magazi) 18 mg/l kuchoka pa 142 ya tsiku lachitatu, ndipo patatha sabata inali 9. X-ray inaonetsa zitsulo zili m'malo mwake. Panalibe chifukwa chobaya bondo kutenga madzi. Phazi silinasinthe mtundu, kutentha kapena thukuta poyerekeza ndi linzake, choncho complex regional pain syndrome, nthenda ya ululu imene imabwera ndi zizindikiro zimenezo, inaikidwa pambali.

Atafunsidwa kuti aloze ndi chala n'kufotokoza, zinaoneka kuti mawu amodzi akuti "likupweteka" ankanyamula maululu atatu. Woyamba unali wa mkati mwa bondo, wokoka, wobwera popinda, pa 8. Wachiwiri unali wa pakhungu, kunja ndi kumunsi kwa chipsera, pamalo aakulu ngati chikhatho. "Pamenepa pakuwotcha ngati wandithira tsabola, nthawi zina kuchita kuthetheka, koma ndikagwira ndi dzanzi," anatero. Thonje lokha likakhudza m'mphepete mwa malowo ankadzuma. Pa mafunso 10 a DN4, ofufuzira mtundu wa ululu, anapeza 6, ndipo kuyambira 4 timaganizira ululu wa mtsempha wovulala. Nthambi ya saphenous imene imadutsa pansi pa kafupa ka pamwamba pa bondo imachokera mkati kupita kunja, ndipo mpeni wodula pakati umaidula mwa odwala ambiri. Ochuluka amangotsala ndi dzanzi, ena ndiwo amamva kuwotcha. Wachitatu unali kuphwanya kwa thupi lonse usiku, miyendo yosakhazikika ndi kusowa tulo, zomwe zinayamba tsiku lotsatira atasiya tramadol ndipo zinali zitayamba kuchepa.

Uliwonse unafuna yankho lake. Tramadol sanabwezeretsedwe: masiku 9 anali atadutsa, chovuta kwambiri chinali chitapita, ndipo kusakhalapo kwake kunatsegula njira ya amitriptyline, wothandiza pa ululu wa mtsempha wovulala, yemwe kumuphatikiza ndi tramadol kumawonjezera ngozi ya khunyu ndi ya serotonin. ECG yoyeza mtima itaoneka yabwino anayamba theka la piritsi la 25 mg cha m'ma 7 koloko madzulo, n'kukwera kufika piritsi lathunthu patatha sabata. Anachenjezedwa za kuuma kukamwa, kudzimbidwa ndi chizungulire podzuka, ndipo anauzidwa kuti usiku aziyamba akhala m'mphepete mwa bedi asanaimirire, ndiponso kuti kuwotchako sikuchepa sabata yoyamba. Khungu ankalizoloweza polisisita mphindi zingapo kanayi pa tsiku, kuyamba ndi thonje, kenako chitenje, kenako thaulo.

Pa ululu wa popinda, paracetamol anabwerera pa maola 6 aliwonse, ndipo morphine 5 mg ankamwa kawiri pa tsiku mafizo asanayambe, kwa masiku 10, tsiku losiyira litalembedwa pa botolo. Creatinine inali 99, choncho analoledwa diclofenac wopaka, m'mbali mwa bondo mokha, chifukwa wolowa m'magazi kudzera pakhungu ndi wochepa kwambiri. Kukambirana ndi banja kunatenga nthawi yaitali kuposa kulemba mankhwala. Mwana wawo ndi mchimwene wa mayiwo anafotokozeredwa kuti tulo tija tinabwera chifukwa impso zinafooka, kuti impsozo zachira, ndiponso kuti botolo ili ndi la masiku owerengeka ndipo ntchito yake ndi yoti bondo lipinde lisanaume.

Pilo ya pansi pa bondo inaletsedwa. Imatonthoza usiku umodzi, koma minofu ya kuseri imafupika, ndipo bondo losawongoka limayendetsa motsimphina n'kumapweteka kutsogolo. Kubweza kuwongoka kumavuta kuposa kubweza kupinda. Ankaika chidendene pa thaulo lopindidwa mphindi 10 kanayi pa tsiku, bondo lili m'malere. Popinda ankakoloweka chitenje kuphazi n'kumakokera chidendene kumatako atagona, kapena kukhala pampando n'kumakankhira mwendo wodwalawo kumbuyo ndi wabwinowo. Ayezi ankapanga m'timapepala ta mafilizi, ndipo magetsi akazima ankagwiritsa ntchito nsalu yonyowetsa m'madzi ozizira. Anakhala kwa wachibale mu Blantyre masabata awiri kuti azionana ndi a mafizo katatu pa sabata. Malire anaikidwa poyera: bondo likapanda kufika madigiri 90 pofika sabata ya 6 mpaka 8, adzagonetsedwa kuti lipindidwe ndi manja ku fiyeta, chifukwa kupitirira miyezi itatu njira imeneyi sithandizanso kwenikweni.

Mmene zinathera

Pa sabata ya 6 bondo linapinda madigiri 92, likupereweza 5 pakuwongoka, ndipo za ku fiyeta zija zinasiyidwa. Morphine anasiya pa tsiku lolembedwa. Enalapril anayambiranso, creatinine n'kuyezedwa patatha sabata imodzi, ndipo inali 101. Pa sabata ya 12 linkapinda 110 ndi kuwongoka lonse. Ankayenda opanda ndodo m'nyumba, ululu pokwera masitepe uli pa 2 kapena 3. Kafukufuku amasonyeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu amatsala ndi ululu wokhalitsa atasinthidwa bondo, ndipo mayiwa anali ndi zingapo zimene zimawonjezera ngoziyo: kumwa opioid kwa nthawi yaitali opaleshoni isanachitike, ululu waukulu masiku oyamba, ndi mtsempha wovulala. N'chifukwa chake anaonedwanso pa mwezi wachinayi, pamene amitriptyline anatsitsidwa kufika theka kwa masabata awiri n'kusiyidwa, komanso pa mwezi wa 6.

Pa ulendo womalizawo kuwotcha kunali kutatha, dzanzi la pakhungu lilipobe ndipo mwina silidzatha. Kugwada, kaya ku tchalitchi kapena polonjera akuluakulu, kumawavutabe, ndipo kunjuta pa chimbudzi chokumba kumafuna madigiri oposa amene bondo lawo limafika, choncho kalipentala anawakhomera mpando wobowola pakati wotalika kufika m'mawondo. Bondo la kumanzere likudikira opaleshoni chaka chamawa. Pa ndondomeko yake palembedwa kale kuti adzafunsidwe za tramadol kutatsala masabata 6, mankhwala onse a m'chikwama adzaperekedwe kwa namwino pa tsiku logonekedwa, NSAID wakumwa asadzaperekedwe, morphine adzayambire pa 5 mg, mlingo wa usiku woyamba udzakhale wokhazikika, ndipo creatinine idzayezedwe m'mawa wa tsiku loyamba ndi lachiwiri.